Laputopu Imene Inkazima Ndikatuluka

Chaka chimene ndinapeza ntchito yanga yoyamba yopanga apu ya pa foni ndi chaka chomwechonso chimene apongozi anga aamuna anabwera kudzachotsedwa ng'ala m'diso. Zonse ziwiri zinafika m'nyumba mwathu ku Katoto, mu mzinda wa Mzuzu, mwezi wa Juni, ndipo nyumbayo inali ndi soketi imodzi yokha imene munthu akanaikhulupirira.

Ine kwathu ndi ku Salima, kumene timagona thukuta lili kamukamu. Ku Mzuzu ndinabwera ndi ukwati, ndipo mpaka lero mwezi wa Juni wa kuno sindinaukhululukire. Kumacha ndi nkhungu, kenako kamvula kowaza kopanda manyazi, kenako mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Amuna anga, amene anabadwira momwemuno, amadzuka atavala malaya a manja aafupi n'kumati, "Lero kwafunda chomene." Zoterezi zimapsetsa mtima.

Ntchitoyo anandipatsa ndi bambo ena a ku Mangochi, Asilamu, eni holoselo m'tauni. Anali atatopa ndi eni mahokala a ku Geisha ndi ku Nkhorongo amene ankawaimbira foni ali mu mzikiti, kufunsa ngati sopo wafika. Ankafuna apu yoti anthuwo azingodina katundu amene akufuna, iwo n'kumaona akatuluka. Anandiuza akupukuta magalasi ndi mkanjo wawo: "Mayi, mwezi uno ukamatha ndiione ikuyenda pa foni yanga iyi. Ikakanika musadandaule, ndili ndi mphwanga ku Blantyre wodziwa zomwezi."

Koma amene ankandisowetsa mtendere sanali mphwawo wa ku Blantyreyo ayi. Anali alamu anga, achemwali awo a amuna anga, amene ali ndi shopu ya hadiweya ku Geisha. Kuyambira tsiku la ukwati ankandisungira mpando kuseri kwa kauntala. Kwa iwo, mkazi wamkulu, wa mano ake okwana, kumangokhala m'nyumba n'kumadina mabatani kunali kusewera magemu basi. Tsiku lina atabwerezanso zimenezi pamaso pa abale, pakamwa pananditsogolera. Ndinati, "Alamu, iyi ikakanika ndibwera ndekha kudzakugulitsirani misomali." Anaomba m'manja kamodzi n'kufunsa onse ngati amva. Onse anali atamva. Choncho mwezi umenewo unali woti undiuze ngati ndikhale wolemba mapulogalamu, ntchito imene ndinaivutikira kusukulu ndipo ndimaikonda ndi mtima wonse, kapena woyeza misomali pa sikelo mpaka imvi.

Kwa amene sanaionepo, ntchitoyi imayenda chonchi. Umalemba malangizo, amene timati khodi, kenako umadina batani kuti kompyuta iwasonkhanitse onse n'kuwaumba kukhala apu. Ifeyo timati kumanga. Pa makompyuta a anthu, kumangaku kumatha munthu asanamalize kapu ya tiyi. Pa laputopu yanga, imene ndinagula kwa munthu amene nayenso anagula kwa munthu, unkatha kuchapa, kuyanika, n'kusadzula ndiwo, iyo ikadali pakati. Ndiye palinso emyuleta, kafoni kabodza kamene kamaoneka pa sikirini kuti uyeserepo apu yako. Ndikayatsa kameneko, fani ya m'kati inkalira ngati chigayo, ndipo kumanzere kwa laputopu kunkatuluka mpweya wotentha woti n'kuumitsa thewera.

Komabe inkamaliza. Mwaulesi, modandaula, koma inkamaliza. Malo ake anali pabalaza, pa tebulo la pa zenera, chifukwa ndi pamene panali soketi ija, komanso ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira m'nyumba monsemo, ndipo kumanga kumafuna intaneti. Batire yake inali yoti ukangozula chaja uyambe kupemphera. Ndinkakhala pamenepo tsiku lonse nditavala thalauza ndi jekete la amuna anga, miyendo pampando, wopanda wondifunsa.

Ndiye apongozi anafika kuchokera kumudzi ku Rumphi.

Ndi munthu wamtali, wowonda, amene amavala tayi ngakhale tsiku loti sakupita kulikonse, ndipo mawu amawatulutsa ngati amachita kuwagula. Pa ukwati wathu anandilankhula liwu limodzi lokha, "Yewo," ndipo kuyambira pamenepo sindinkadziwa ngati amandikonda kapena amangondipirira. Asanafike, amuna anga anandikhazika pansi n'kundipatsa malamulo ngati ndikulowa usilikali. Thalauza ayi. Chitenje ndi duku. Polankhula nawo kugwada, osawayang'ana kumaso. Ndipo lalikulu pa onse, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sakhala m'chipinda chimodzi ndi apongozi aamuna: amalowa, amaika chimene wabweretsa, amatuluka. Kwathunso apongozi timawaopa, sindikukana, koma kuno amawaopa mosanyinyirika.

Opareshoni inayenda bwino. Anabwerako diso lamanja atalimata bandeji, lamanzere nalonso likuona mwachimbuuzi, ndipo adokotala anati akhale m'tauni mpaka adzawaonenso. Anasankha mpando wa pa zenera, pambali pa tebulo langa, n'kukhazikika pamenepo ndi wailesi yawo ndi bulangete lawo lofiira laubweya. Ankadzuka tambala asanaganize zolira. Pomwe ankapita kukagona magetsi amakhala atathima kale, chifukwa masabata amenewo ankathima dzuwa likangolowa. Ofesi yanga inatha choncho.

Ndinapeza njira. Khodi ndinkalembera kuchipinda, mothamanga, batire isanafe. Kenako ndinkanyamula laputopu ndi manja awiri, kugwada pakhomo la pabalaza, kunena odi, kuyenda chowerama mpaka pa tebulo, kulumikiza chaja, kuyatsa emyuleta, kudina batani lomangira, n'kubwerera chambuyo. Nthawi zonse apongozi ankati, "Yewo, mkamwana," ine n'kuyankha kuti, "Yewo, adada," maso ali pa simenti. Ndikatero ndinkapita kukhitchini kukadikira.

Pobwerako ndinkapeza laputopu ili zii. Sikirini yakuda bii, fani ili chete, pansi pake potentha ngati chiwaya cha tchipisi. Ili pamalo pomwe ndinaisiya, chaja chili cholumikiza. Apongozi ali phee pampando, bulangete pamawondo, akumvera mauthenga a maliro pa wailesi.

Poyamba ndinati ndi magetsi. Koma wailesi, imene inkadyera pa soketi yomweyo, inali ikulankhula bwinobwino. Kenako ndinati ndi pulogalamu yolembera khodi, imene inali itangodzisintha yokha osandipempha. Ndinaifufuta yonse n'kuikoperanso pa intaneti, bandulo n'kutha ngati madzi othira m'dengu. Inazimabe. Ndinatseka china chilichonse chimene chinkayenda mu laputopumo, mpaka chithunzi cha ukwati wathu ndinachichotsa pa sikirini, poganiza kuti mwina chikulemera. Inazimabe.

Ndinafunsa pa gulu lathu la pa foni la olemba mapulogalamu. Kumeneko aliyense ndi dokotala. Wina anati ndichotse zinyalala zimene pulogalamuyo imasunga ikamamanga, ndipo ndinachotsa. Wina anati ndichepetse ramu, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo, imene emyuleta imadya, wina anati ndiiwonjezere, ndipo awiriwo anakangana mpaka anaiwala kuti wodwala ndine. Mkulu wina wa ku Lilongwe, amene ntchito yake ndi kujambula kompyuta yake yatsopano ili pambali pa kapu ya khofi, analemba kuti, "Sisi, ingogulani ina." Ndinamulembera yankho lalitali, kenako ndinalifufuta, chifukwa ndinaleredwa bwino.

Chondizunguza mutu chinali chakuti masiku ena inkamaliza. Lamulungu lina apongozi atapita kutchalitchi ndi mwana wawo, ine nditanamizira mutu, ndinakhala nayo pa tebulo ndipo inamanga mobwerezabwereza osatsokomola n'komwe. Ndinavina ndekha pabalaza. Ndinalemba pa gulu kuti vuto latha, zinali zinyalala zija, ndipo amene anapereka nzeruyo analandira ulemu umene sunali wake. Lolemba inazima.

"Ikakhala ndi ine imagwira, ndikaisiya ndi adada imakomoka," ndinadandaula kwa amuna anga.

"Mwina nayonso ndi mkamwana," anatero. "Ikuchita mantha."

Ndinawagenda ndi pilo. Koma ndisaname, ganizo lina linandidutsa m'mutu, la mtundu umene munthu wa dipuloma sayenera kuganiza, lokhudza akuluakulu a kumudzi ndi zimene amayenda nazo m'matumba a jekete. Ndinalithamangitsa ndi pemphero lalifupi.

Ndinaitengera kwa wokonza makompyuta m'tauni, m'kachipinda kodzaza mitembo ya malaputopu. Asanaitsegule n'komwe anali atanena kale kuti ndi vairasi. Ataitsegula anati ndi ramu, n'kundigulitsa ina. Kenako anatokosa fani ndi kachitsulo n'kutulutsamo chimpukutu cha ubweya wofiira, n'kuchikweza m'mwamba ngati dzino limene wazula.

"Amama, kunyumba mukuweta nkhosa zofiira?"

Nkhosa ndinalibe. Koma aneba athu anali ndi mphaka wofiirira, wonenepa, wa nkhope ya munthu wodziwa zambiri, amene ankakonda kukhala pa zenera lomwelo. Zonse zinagwirizana m'mutu mwanga. Mphaka amafuna pofunda, amagona pa laputopu, ndipo apongozi saona bwino. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi mdani. Mphaka ameneyo ndinamuthamangitsa ndi silipasi, ndi tsache, ndi madzi otsukira mbale, mpaka aneba anayamba kuyankha moni wanga ndi mphuno. Laputopu, ndi ramu yake yatsopano, inkazimabe, kungoti tsopano inkafika patali pang'ono isanafe.

Mwezi unali ukupita. Alamu ankabwera kudzaona bambo awo, ndipo potuluka ankasuzumira kukhitchini n'kundiyeza ndi maso. "Mlamu, gawuni ya m'shopu mumavala saizi yanji? Ndikufuna ndisoketseretu, atelala amachedwa chomene." Ine ndinkangosekerera, mano okha.

Ndinaganiza zomugwira mphakayo ndi umboni woti ndikaonetse aneba. Ndinalemba kapulogalamu kakang'ono koti kamera ya laputopu izijambula chithunzi pafupipafupi mwakachetechete. Ndinaisiya monga mwa masiku onse, yewo, yewo, n'kupita kukhitchini. Itazima ndinaitengera kuchipinda, kudikira kuti izizire, n'kutsegula zithunzizo ndikunola mano.

Choyamba chinali chitenje changa chikutuluka pakhomo. Chotsatira, khomo lopanda munthu. Kenako denga litapendekeka. Kenako mabowo awiri a mphuno ooneka chapansi, chibwano chometedwa bwino, mfundo ya tayi, ndi bandeji. Zotsala zonse zinali mdima wofiira.

Ndinatseka laputopu mofulumira ngati ndasuzumira m'bafa muli munthu. Ine, amene ndinali ndisanawayang'anepo apongozi kumaso, ndinali ndi chithunzi cha m'mphuno mwawo. Manyazi atachepa, nkhani inamveka yokha. Ndikangotuluka ankainyamula mosamala, osakhudza batani lililonse, kuikhazika pa mawondo awo a nyamakazi, n'kuifunditsa bulangete pamodzi ndi miyendo. Mabowo ake onse opumira n'kutsekeka. Laputopu inkapirira mpaka kutentha kukaikulira, n'kudzizimitsa yokha kuti isapse. Ikazima ankaibwezera pa tebulo, pamalo pake penipeni.

Amuna anga ataona zithunzizo anaseka mpaka anagwera pa bedi, misozi ili chuchuchu. Ndinawadikira kuti amalize.

"Tsopano pitani mukawauze," ndinatero.

Kuseka kunathera pomwepo.

"Ine? Kuuza adada? Yayi."

"Ndi bambo anu."

"N'chifukwa chake."

Mwamuna ameneyu amakalipira makondakitala a minibasi mpaka anthu amatembenuka, koma kwa bambo ake amasanduka mwana wa sukulu ya mkaka. Nkhaniyo anakaitula kwa achemwali awo, ati akazi ndiwo amadziwa kolowera. Alamu anabwera kukhitchini manja ali m'chiuno. "Adada asiye kuwotha chifukwa cha magemu? Mwawaona mawondo mmene atupira?" Atatero anafunsanso za saizi ija.

Ndinayesa njira zolambalala. Ndinakoleza mbaula, koma adokotala anali ataletsa utsi chifukwa cha diso. Ndinawagulira botolo la madzi otentha. Analilandira ndi manja awiri, nati, "Yewo chomene," n'kuliika kumsana, mawondo n'kusiyira laputopu. Ndinayesa kumangira pakhonde, kamvula kowaza kanandibweza. Kuchipinda netiweki kunalibe, ndipo soketi yake inkathetheka ukangoiyandikira. Ndinakwiya. Ndinakwiyira Mzuzu ndi nkhungu yake, mwambo, amuna anga, ndi munthu wokalamba wodwala amene sanandilankhulepo liwu loipa. Tsiku lina ndinakhala pa mtondo kukhitchini n'kulira, chifukwa ndinkaona ndithu kuti misomali yandipeza.

Kenako bambo a holoselo anaimba. "Mayi, mawa masana ndikatuluka mu mzikiti ndikudikirani."

Zigawo zomaliza za apu ndinali nditalemba, koma chilembereni inali isanamangidwepo mpaka kumapeto. M'mawa umenewo ndinamanga duku mothina, ndinanyamula laputopu, ndinagwada pakhomo la pabalaza, koma sindinapite pa tebulo. Ndinakhala pomwepo.

"Adada."

Wailesi inachepetsedwa.

"Enya, mkamwana."

"Pepani, ndili ndi mawu."

Ndinafotokoza maso ali pa simenti, m'Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka changa chothyokathyoka. Ndinati chinthuchi chimapumira pansi ndi m'mbali, ndipo chikafunditsidwa chimabanika n'kuzima ntchito isanathe. Ndinati ntchitoyo ikufunika mawa, ndipo ikapanda kutha ndipita kukagulitsa misomali kwa alamu.

Nditamaliza ndinayamba kuopa kuti Chitumbuka changa chawatukwana.

"Kuti ndi kompyuta ndikudziwa," anatero. "Ine si wakuthengo. Kweni ndimati ntchito mwamalizira kuchipinda. Ndimati mwaona moto watsala, ndiye mwati usapite pachabe, ukathandize mawondo a adada." Anakhosomola pang'ono. "Mumabwera nayo ndi manja awiri. Mumagwada, mumaiyatsa, mumatuluka. Tiyi mumabweretsa choncho. Madzi osamba m'manja, choncho. Ikazima ndimati makala atha."

Iwo anapitiriza, mawu atatsika.

"Amama anu amene ndinawasiya kukaya ku Rumphi ndinawaimbira kale. Ndinawauza kuti mwana wathu anasankha makora, anakwatira bwino. Kuti m'mawa uliwonse mkamwana amandikolezera moto wopanda utsi."

Ndikanakonda simenti ija ikanang'ambika ndilowe. Yewo yense uja ndinkamuyesa moni, pomwe iwo ankathokoza. Masabata onsewo ine ndikuwadandaula mumtima, iwo ankanditama kwa anthu chifukwa cha chifundo chimene sindinachite. Ndipo tsopano ndinali nditawalanda chifundocho ndi pakamwa panga. Zinandiwawa kuposa laputopu, kuposa alamu. Ndinamva bulangete likupindidwa. Nditaba kuyang'ana, ndinaona akufufuza ndodo yawo pansi pa mpando.

"Pepani chomene, ndakuonongerani ntchito," anatero. "Ndikakhala panja, mugwire bwino."

Panja kamvula kaja kanali kakuwaza.

"Ayi adada, musatuluke!"

Ndinanena mokweza kuposa mmene mkamwana amaloledwera. Ndinathamangira kukhitchini n'kutenga kawaya koziziritsirapo makeke, kamene ndinalandira pa ukwati, ngakhale keke ndinali ndisanaphikepo. Ndinakokera katebulo kakafupi ka tiyi pafupi ndi mpando wawo, kawaya pamwamba, laputopu pa kawayapo kuti mpweya uzidutsa pansi, mbali yotulutsa moto italoza mawondo awo. Ndinayatsa emyuleta, chigayo n'kuyamba.

"Ikakhala chonchi imapuma, adada, ndipo moto wake sutha. Kungoti bulangete lisaikhudze."

Anatambasula dzanja n'kuumva mpweyawo. Ndodo anaibwezera pansi.

"Nanga imwe?"

"Ndikadikira kukhitchini."

"Ikadandaula mukaimva muli kukhitchini?"

Ankanena zoona. Nthawi yoyenda chowerama inali itatha, ndinkafunika pamaso pa sikirini. Ndinamva mpando ukukhwekhwerezedwa pang'ono. Anautembenuza n'kuloza bandeji ndi chala.

"Jiso ili silikuona kanthu. Khalani mbali iyi. Ine mkamwana sindikumuona, ndikungomva chigayo."

Ndinayala mkeka n'kukhala kumbali ya bandeji. Laputopu inamanga mpaka patali, n'kulavula malemba ofiira odzaza sikirini. Zinali zolakwika zanga zomwe, zimene zinabisala masabata onsewo chifukwa makinawo ankafa asanandinenere. Sindinakondwerepo ndi malemba ofiira ngati tsiku limenelo. Ndinkakonza, kumanga, kukonzanso. Apongozi anazimitsa wailesi kuti isandisokoneze, ndipo nthawi ndi nthawi ankafunsa khoma kuti, "Yafika pati?" Ine ndinkayankha simenti kuti, "Yatsala pang'ono, adada."

Chamasana inamanga yonse. Chinatsala ndi kuilowetsa mu foni yeniyeni kuti ndione ngati ikuyenda, ndipo apa ndi pamene kebulo yanga inaonetsa khalidwe lake. Inkagwira pokhapokha utaipinda mwanjira inayake. Ndikangoisiya kuti ndidine batani, laputopu inkati sikuona foni iliyonse. Ndinayesa kuitsamiritsa pa kapu, ndinayesa kuipanira ndi chala cha kuphazi. Ndili mkati mong'ung'udza, dzanja lalitali linatuluka m'bulangete n'kuigwira. Anaigwira osagwedezeka, nkhope ili kukhoma, ngati munthu wogwirizira diripi ya m'bale wake kuchipatala.

Alamu analowa nthawi yomweyo, jumbo ya gawuni ili m'manja. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

"Adada! Ichi ntchivichi?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Mlamu, ulemu uli kuti? Mwafika pokhala pabalaza ndi adada chifukwa cha magemu?"

Ndinayamba kudzuka. Apongozi sanatembenuke n'komwe, ndipo kebulo sanaisiye.

"Mulekani," anatero. "Wali pa ntchito. Ndipo tsekani chitseko, moto ukuthawa."

M'banja lonselo panalibe amene anali atatchulapo zimene ndimachita kuti ntchito. Ngakhale amuna anga ankangoti "zinthu zake zija." Ndinakhalanso pansi n'kuyang'anitsitsa sikirini, ndikusamala kuti misozi isagwere pa mabatani, chifukwa laputopuyo inali itavutika kale mokwanira.

Mawa lake apu inatseguka pa foni ya bambo a holoselo. Anadina sopo, sopo n'kuoneka. Anadina mafuta ophikira, n'kuoneka. Anadandaula kuti mabatani ndi aang'ono, sakukwana chala chawo, ndipo ndinalonjeza kuwakulitsa. Za mphwawo wa ku Blantyre sanatchulenso. Gawuni ija alamu amavala okha, ngakhale imawathina m'mapewa. Kwa aneba ndinakapepesa ndi mbale ya usipa, iwo anandikhululukira, koma mphaka ayi.

Mabatani aja nditawakulitsa, m'mawa wotsatira ndinalibe chomanga. Komanso ndinali nditaona kuti kuyesera pa foni yeniyeni kumapepukitsa laputopu, moti emyuleta sindinkaifunanso. Popanda iyo fani inkangonong'ona, mpweya wofunda osatuluka. Kunja nkhungu inali itaphimba mpaka mpanda wa aneba. Ndili kuchipinda ndinamva mpando ukukokedwa pabalaza, wailesi ikuyatsidwa, kenako kakhosomo kaja. Sanaitane. Ndinkadziwa kuti sangaitane.

Ndinanyamula laputopu ndi manja awiri, ndinagwada pakhomo, ndinanena odi. Ndinaikhazika pa kawaya, mbali yamoto kumawondo, ndinalumikiza chaja, n'kuyatsa emyuleta, kafoni kabodza kopanda chilichonse choyesa. Chigayo chinayamba kulira.

"Lero ntchito ilipo?" anafunsa khoma.

"Lero palibe, adada. Uwu ndi wanu."

Anatambasula manja onse awiri ku mpweyawo.

"Yewo, mwana wane," anatero.

Ulendo uno ndinamulandira yewoyo ndi mtima wonse, chifukwa anali wanga.